Mabatire anga anafa ndi njala dzuwa likuswa mtengo

Kulira kwa inveta ya sola yathu, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, pakati pa usiku sindidzakuiwala. Kanali kamawu kakang'ono chabe kochenjeza kuti mabatire atsika, tii, tii, tii, koma kanatidzutsa usiku ulionse kwa miyezi ingapo. Poyamba kankalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Kenako 2 koloko. Pomaliza kankayamba tisanagone n'komwe, TV ili mkati. Akazi anga anafika pongondigwedeza phewa osatsegula ndi maso omwe: "Bambo, mnzanu uja akukuitanani." Ndinkadzuka, n'kukathimitsa filiji, n'kubwerera kukagona mtima uli m'mwamba. Ndinkakwiyira mabatire, ndinkakwiyira amene anandigulitsa mabatirewo, ndinkakwiyira ngakhale mitambo. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinkamukayikira, amene anachita masamu ake. Munthuyo anali ine.

Nyumba yathu ili kutali ndi mawaya a magetsi, ndiye sola sinali yodzionetsera, inali magetsi athu onse. Ndinagula mabatire awiri a asidi, lililonse la 12V 200Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire), n'kuwalumikiza pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, kuti akhale ngati batire limodzi la 12V 400Ah. Padenga ndinaika mapanelo awiri a 150W. Pakati pake panali controller yaing'ono yolamulira kutchaja kwa mabatire, ya mtundu wa PWM, ndi inveta ya 1500W. Ndalama zambiri zinapita ku mabatire, chifukwa m'mutu mwanga magetsi ankakhala m'batire. Batire lalikulu, magetsi ambiri. Mapanelo ndinkangowaona ngati tchaja.

Masamu anga anali otere: mapanelo ndi 300W, dzuwa limakhala kumwamba maola 10 kapena kuposa, ndiye 300 kuchulukitsa ndi 10 ndi 3000. Sindinkadziwa bwino kuti 3000 ameneyu ndi wa chiyani, koma ankaoneka wamkulu, ndipo ndinakhutira. Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Miyezi yoyamba zinthu zinkayenda, kapena ndinene kuti zinkaoneka ngati zikuyenda. Tinali ndi mababu, TV, laputopu ndi mafoni, ndipo inveta tinkaiyatsa madzulo okha. Kenako tinagula filiji. Pasanathe sabata, kamawu kaja kanayamba.

Chimene chinkandisokoneza kwambiri m'miyezi yakumapeto chinali kagetsi kobiriwira ka pa controller. Ikamakwana 10 koloko m'mawa, kankakhala katayaka kale, kusonyeza kuti mabatire adzadza. Ndikaika multimeter, ndinkaona 14.4V. Ndinkati basi, mapanelo alibe mlandu, akudzadza mabatire dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Koma dzuwa likangolowa, n'kuyatsa TV, voteji inkatsetsereka ngati mwala pachiphedi: 12.3, 11.9, 11.4. Kenako tii, tii, tii.

Pa mwezi wachisanu ndi chitatu ndinagonja. Ndinaitana bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya zamagetsi zaka zambiri, kuti adzanditsimikizire kuti anandigulitsa mabatire abodza. Ndinkafuna mboni, osati mphunzitsi.

Anafika, anayang'ana mabatire, anatsegula zivindikiro n'kuyeza asidi ndi kachubu kawo kagalasi, selo ndi selo. Anatuluka panja kukayang'ana padenga. Atabwerera anakhala pansi n'kundifunsa funso limodzi.

"Achimwene, nyumba yanuyi imadya ma watt-hour angati pa tsiku?"

"Inveta ndi ya 1500W, bambo."

"Sindinafunse kukula kwa pakamwa. Ndafunsa kuti imameza zingati."

Ndinalibe yankho. Anapempha pepala.

Anandionetsa kuti watt ndi liwiro limene chipangizo chikukokera magetsi pa nthawi imeneyo, pamene watt-hour ndi kuchuluka kwa magetsi amene atha. Babu la 7W likayaka maola 5, latha 35Wh. Tinali ndi mababu 6, ndiye 210Wh. TV ya 60W kwa maola 4, 240Wh. Laputopu ya 50W kwa maola 3, 150Wh. Mafoni anayi, pafupifupi 40Wh onse pamodzi. Pofika pa filiji anakana kuyerekeza. Filiji imayaka n'kuzima yokha tsiku lonse, ndipo kudya kwake kumadalira kutentha kwa m'chipinda ndi kuchuluka kwa maulendo amene chitseko chikutsegulidwa. Anandibwereka kamita kolowetsa pasoketi, kuti filiji ilowe mwa iko kwa maola 24 athunthu. Kanawerenga pafupifupi 700Wh.

Zonse pamodzi zinakwana 1340Wh. Ndinati ndiye bwino, si zambiri. Iwo anati tisanathe. Inveta posintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba imataya ena ngati kutentha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, choncho kuti 1340Wh ituluke, batire liyenera kupereka pafupifupi 1490Wh. Kenako anazula chilichonse pa inveta, kuisiya ili yoyaka koma yopanda ntchito, n'kupanikiza mita yawo pa waya wochokera ku batire. Inkakoka kupitirira pang'ono 1A. Ndiwo ma watt 15, osayatsa ngakhale babu limodzi. Filiji isanabwere, inveta inkayaka madzulo okha. Filiji itabwera, inkayaka usana ndi usiku: 15 kuchulukitsa ndi 24, 360Wh pa tsiku. Inveta yokha, pongokhala, inkadya kuposa TV. Sindinkadziwa kuti m'nyumba muli mlendo wadyera chotero.

Chiwerengero chenicheni chinali 1850Wh pa tsiku. Tinachikweza kukhala 1900 kuti masamu asavute.

Atatero anatembenuza pepala, n'kunena kuti tione zimene zimalowa.

Apa ndi pamene 3000 wanga uja anasungunuka. Nambala ya ma watt yolembedwa kuseri kwa panelo amaiyeza kufakitale pa kuwala kwa 1000W pa sikweya mita imodzi, maselo a panelo ali pa madigiri 25. Kuwala kotero kumapezeka masana enieni kumwamba kuli mbee. M'mawa ndi madzulo dzuwa limafika chopendekeka ndipo limadutsa mumpweya wambiri, ndiye panelo imangopereka pang'ono. Odziwa amatenga kuwala konse kwa tsiku, kofooka ndi kwamphamvu, n'kukufinyira pamodzi kuti aone kuti kukufanana ndi maola angati a dzuwa lamphamvu lija. Amati peak sun hours. M'malo ambiri okhala anthu maolawa amakhala pakati pa 3 ndi 6, malinga ndi dera komanso mwezi. Kumadera a kutali ndi equator, m'nyengo yozizira amatsika kuposa pamenepo. Si maola 10 ayi. Ndipo simuyenera kulota: pa intaneti pali Global Solar Atlas ya World Bank, PVGIS ya European Commission ndi NASA POWER, zimene mukalozapo malo anu zimakupatsani ziwerengero za kuwala kwa dzuwa, zina mwezi ndi mwezi, kwaulere. Kwa ine mwezi wabwino unkafika kupitirira maola 6, koma woipitsitsa unali pafupifupi 4. Bambo aja anazunguliza 4 uja ndi cholembera kawiri.

"Mwezi wabwino uli ndi mwini wake. Inu muziwerengera woipawu, chifukwa filiji sidziwa kalendala."

Kenako controller. Kuseri kwa panelo yanga kunalembedwa Vmp 18V ndi Imp 8.3A, kutanthauza voteji ndi ma amp ake ikamagwira ntchito bwino koposa. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza 150W uja. Koma controller ya PWM ili ngati switchi yolumikiza panelo ndi batire mwachindunji, moti panelo imakokeredwa pansi kufika pa voteji ya batire. Ma amp amakhala omwewo, pafupifupi 8.3, koma voteji imakhala 13 m'malo mwa 18. Ndiye 8.3 kuchulukitsa ndi 13, 108W. Panelo ya 150W inkagwira ntchito ngati ya 108W pa ola labwino koposa. Awiri onse, 16A kapena kupitirira pang'ono. Pa mwezi woipa, 16A kwa maola 4 ndi 64Ah, pafupifupi 830Wh. Ndipo apo ndiye kuti mapanelo ndi oyera, mawaya ndi abwino, mthunzi palibe. Kwa ine zonse zitatu zinali zolakwika.

Ndinkatulutsa 1900, ndikubwezera 800 kapena 900. Ngakhale mwana wa sukulu akanaona.

Chimene chinandipweteka ndi chakuti ngakhale filiji isanabwere, mabatire aja sankadzadza bwino. Tinkatulutsa pafupifupi 800Wh, ndipo batire la asidi silibweza zonse zimene mwaikamo. Pa 100 ilionse yolowa, mumapezanso 80 kapena 85. Ndiye masiku a dzuwa tinkangofika pamlomo, masiku a mitambo tinkatsalira, ndipo ngongoleyo sinkabwezedwa. Thanki inali yaikulu kwambiri moti kutsika kwa madzi sikunkaoneka msanga. Kukula kwa batire kunangobisa vuto, sikunalithetse.

Bambo aja anandifotokozera chimene chimachitika mkati. Batire la asidi likamatha mphamvu, pa mapuleti ake pamamera tinthu toyera totchedwa lead sulfate. Zimenezi n'zachibadwa, ndipo mukalitchaja msanga mpaka kudzadza, tinthuto timasungunuka n'kubwerera mu asidi. Koma batire likakhala masabata lili theka, timaumbika, timalimba, osasungunukanso, n'kutseka mbali ya puleti imene ikanagwira ntchito. Batire la 200Ah limasanduka la 120, kenako la 50, kunja likuoneka latsopano. Ndipo batire lotero limakwera voteji mofulumira mukangoligwiritsa tchaja. N'chifukwa chake kagetsi kobiriwira kankayaka 10 koloko. Sikankanama kwenikweni. Mabatire ankadzadzadi, kungoti chimene chinkadzadza chinali kapu, osati thanki.

"Awa sanakalambe," anatero akutseka zivindikiro. "Afa ndi njala."

Anawonjezera china chimene sindinamvepo kwa wogulitsa aliyense. Batire la asidi lothira madzi limafuna kutchajidwa ndi ma amp okwana pafupifupi 10 pa 100 alionse a kukula kwake. La 400Ah limafuna ma amp 40 kapena kuyandikira. Langa linkalandira 16, kutanthauza 4 pa 100. Komanso gawo lomaliza la kudzadza silithamanga: voteji ikafika cha m'ma 14.4V pa batire la 12V, controller imaigwira pomwepo kwa maola angapo, ma amp akutsika pang'onopang'ono. Gawo limeneli amati absorption. Ngati mapanelo anu akufikitsa batire pamenepo 4 koloko madzulo, dzuwa lilowa ntchito isanathe, ndipo mawa lake zibwerezanso. Panelo iyenera kukhala yaikulu moti batire lifike pa voteji imeneyi cha kumasana.

Ngati muli ndi mabatire a asidi ndipo mukufuna kudziwa zoona, musayeze masana dzuwa likutchaja. Zimitsani zonse, chotsani mapanelo, batire lipume maola angapo, kenako yezani. Pafupifupi 12.7V ndi lodzadza. Pafupifupi 12.2V latsala theka, ndipo pamenepo ndi pamalire. Kulitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku kumafupikitsa moyo wake. Choncho mabatire anga a 4800Wh papepala (12V kuchulukitsa ndi 400Ah) anali a 2400Wh okha oti n'kugwiritsa ntchito, ali atsopano.

Tsiku lomwelo tinakwera padenga. Ndinaika dzanja pa panelo n'kulichotsa msanga. Ndinali nditagoneka mapanelo pamalata penipeni, popanda mpata wa mpweya pansi. Maselo a silicon akatentha amataya mphamvu, pafupifupi 0.4 pa 100 pa digiri ilionse yopitirira 25, ndipo padenga masana kufika madigiri 55 kapena 60 si zachilendo. Madigiri 30 owonjezera ndi pafupifupi 12 pa 100 yopita pachabe. Pagalasi panali fumbi loti n'kulembapo dzina ndi chala, ndi zitosi za mbalame ziwiri zouma. Ndiye panali chitsulo cha eriyo ya TV, chimene ndinachimanga ndekha pambali pake. Kuyambira cha m'ma 2 koloko, mthunzi wake, wopyapyala ngati ndodo, unkagona pa panelo imodzi. Bambo aja anauza mwana wanga kuti aime pa controller azifuula manambala. Iwo anavula chipewa n'kuphimba selo imodzi yokha ya pakona.

"Atate, yatsika! Inali 14, pano 8!"

Anachotsa chipewa.

"Yabwerera!"

Maselo a mu panelo amalumikizidwa mondondozana, ndiye mmodzi akaphimbidwa amatsamwitsa anzake onse a mumzere wake. Muli tizipangizo totchedwa bypass diode tolambalalitsa magetsi pa gawo lophimbidwalo, koma kulambalala kumatsitsa voteji ya panelo, ndipo pa panelo ya 18V yotsalayo imakhala yosakwana kukankha magetsi kulowa mu batire la 12V. Chipewa chimodzi, panelo yonse zii.

Waya nawo unali ndi mlandu wake. Kuchokera padenga kufika pa controller panali mamita 10, ndipo ndinagwiritsa ntchito wa 2.5mm², wofanana ndi wa masoketi a m'nyumba. Pa ma amp 16 tinapeza kuti ma volt oposa 2 akuthera m'njira. Pa magetsi a 230V zimenezo simungazimve. Pa 12V ndi chuma.

Mabatire aja sanapulumuke. Tinayesa kuwatchaja kwa nthawi yaitali, koma anangobwerako pang'ono. Ndinakhala miyezi ingapo ndi mababu okha ndi mafoni, filiji itasanduka kabati, ndikusonkhanitsa ndalama. Ubwino wake unali woti ndinali ndi nthawi yochita masamu ndisanagwire chikwama.

Nthawi ino ndinayambira kumapeto kwina. Osati pa batire, osati pa inveta, koma pa 1900Wh uja. Kuti ndipeze kukula kwa mapanelo, ndinagawa 1900 ndi maola 4 a mwezi woipa, n'kupeza 475W. Koma imeneyo ndi nambala ya dziko lopanda fumbi. Kutentha, fumbi, mawaya, controller ndi batire lenilenilo, chilichonse chimadula msonkho wake, ndipo bambo aja anandilangiza kuwerengera kuti pa ma watt olembedwa pa panelo, 70 pa 100 okha ndi amene adzandifikire. Ena amawerengera 75, ena 80 ngati zipangizo zili zabwino kwambiri. Ine ndinali nditapsa kale, ndinatenga 70. Ndiye 475 kugawa ndi 0.7, pafupifupi 680W.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaimira, ndipo nanenso ndikanaimira pompa. Koma taganizirani bwino tanthauzo la 680W. Ndi mapanelo okwana kubweza zimene mwadya tsiku limodzi, pa tsiku lapakati la mwezi woipa, osatsalako kanthu. Kukabwera masiku atatu a mitambo yakuda, batire likatsika n'kufika pansi, dzuwa likabwerera mapanelo aja azingobweza za tsiku limenelo basi. Dzenje lija adzalikwirira ndani? Lidzakhala pomwepo sabata, masabata awiri, mpaka mitambo ina ibwere kudzalikumba kwambiri. Ndi njala yomwe ija, yangovala malaya ena. Ndiye pamwamba pa 680W ndinawonjezera pafupifupi theka, n'kufika pa 1000W. Pa tsiku lapakati la mwezi woipa, 1000 kuchulukitsa ndi 4, kuchulukitsanso ndi 0.7, ndi 2800Wh. Nyumba idya 1900, patsala 900. Otsalawo ndi obwezera ngongole ya mitambo. Kwa ine nambala imeneyi, 900, ndi yofunika kuposa ina ilionse pa pepala lija, ndipo palibe wogulitsa amene anandifunsapo za iyo.

Batire linabwera pambuyo, monga zinayenera kukhalira ulendo woyamba uja. Ndinkafuna kuti nyumba ipirire masiku awiri opanda dzuwa n'komwe, kutanthauza 3800Wh. Ndikanatenga a asidi, ndikanafunika kawiri pamenepo, 7600Wh, chifukwa cha malire a theka aja. Pa 24V ndi pafupifupi 320Ah. Mapanelo a 1000W pa 24V amapereka ma amp 30 ndi kupitirira, ndiye akanagwirizana bwino ndi lamulo la 10 pa 100 lija. Zikanatheka ndithu, ndipo sindinyoza batire la asidi. Likamadya mokwanira limatumikira zaka. Koma ndinasankha la lithium, la mtundu wa LiFePO4, la 25.6V 200Ah, lomwe ndi 5120Wh. Mukagwiritsa ntchito 80 pa 100 mupeza 4096Wh, zokwanira masiku awiri aja. Chimene chinandikopa n'chakuti silivulala ndi kukhala losadzadza, ndipo limabweza pafupifupi zonse zimene mwaikamo. Lili ndi malamulo ake: salitchaja kukazizira kufika pansi pa madigiri 0, controller iyenera kutcheredwa ma voteji a lithium, ndipo kutchaja kokweza voteji kumene amati equalize, kopangira mabatire a asidi othira madzi, kuyenera kuzimitsidwa. Koma musamve ngati lithium imachiza kuchepa kwa mapanelo. Siipanga magetsi. Mapanelo akachepa, siifa msanga ngati ya asidi, koma mudzakhalabe mumdima.

Kuchoka pa 12V kupita pa 24V kunali chifukwa cha mawaya. Ma watt 1000 pa 12V ndi ma amp oposa 80, ofuna waya wonenepa ngati chala. Pa 24V ndi theka lake. Zinatanthauza kugula inveta ina, ndipo pogula ndinayang'ana kaye mzere umene kale sindinkauona n'komwe, wonena za ma watt amene imadya ikangokhala. Ndinaonetsetsanso kuti ipirira kudzuka kwa filiji, chifukwa kompuresa imakoka magetsi owirikiza kangapo pa kamphindi koyamba.

Controller ndinagula ya MPPT. Imeneyi imasiya panelo igwire ntchito pa voteji yake yabwino, n'kusandutsa voteji yotsalayo kukhala ma amp owonjezera olowa mu batire, ndiye msonkho wa PWM uja umatha. Yanga ndi ya 40A, chifukwa 1000W kugawa ndi ma volt 27 a batire likamatchaja ndi pafupifupi 37A. Pa controller pamalembedwanso nambala ina, malire a voteji yochokera ku mapanelo, ndipo pa yanga ndi 100V. Pano ndinatsala pang'ono kuwotcha ndalama kachiwiri. Mapanelo anga ndi anayi a 250W, iliyonse ili ndi Voc ya pafupifupi 37.5V, imene ndi voteji yake popanda cholumikizidwa. Ndinkafuna kuwalumikiza onse mondondozana, pulasi ku mainasi, kuti waya ukhale umodzi. Anayi ndi 150V. Ngakhale atatu ndi 112V, kupitirira kale malire. Ndipo Voc imakwera kukazizira, moti m'mawa wozizira kumwamba kuli koyera ndi pamene controller zimapsa. Ndinawalumikiza awiriawiri mondondozana, mizere iwiriyo n'kuiphatikiza pulasi ku pulasi. Zinakhala 75V, ndi mpata wokwanira wa m'mawa wozizira.

Zotsalazo n'zachidule. Mapanelo ndinawakweza pa zitsulo kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kuwapendeketsa kuyang'ana ku equator, komwe ndi kumpoto kwa amene ali kumwera kwake, ndi kumwera kwa amene ali kumpoto kwake. Osawagoneka ndithu, ngakhale madigiri 10 akhalepo, kuti mvula izitsuka fumbi. Eriyo inasamukira kuseri kwa nyumba. Fyuzi ili pafupi kwenikweni ndi pulasi ya batire, chifukwa batire likagundana mawaya limatulutsa ma amp mazanamazana, okwana kuyatsa moto. Polumikiza, batire limayamba kulowa pa controller, mapanelo pambuyo. Pochotsa, mapanelo amayamba.

Chinthu chimodzi chaching'ono chimene ndikanakonda ndikanagula tsiku loyamba ndi mita yowerenga ma amp olowa ndi otuluka, yodutsira pa kachitsulo kotchedwa shunt pa waya wa mainasi. Voteji ya LiFePO4 imasintha pang'ono kwambiri pakati pa kudzadza ndi kutha, moti kuiyang'ana sikukuuzani zambiri. Mita iyi imawerenga ngati buku la ngongole: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti. Ndikanakhala nayo kale, ndikanaona mwezi woyamba womwe kuti zolowa zikuchepa, mabatire akadali amoyo.

Mayeso enieni anabwera m'nyengo ya mitambo. Masiku atatu otsatizana kunali kwakuda bii, mvula ikuwaza osaleka. Mapanelo sanagone ndithu, chifukwa ngakhale pansi pa mitambo amatolako kena, koma ankabweretsa zosakwana theka la zimene nyumba inkadya. Usiku ndinkadzuka ndekha, popanda chondidzutsa, n'kupita kukayang'ana mita ndi tochi. M'mawa wa tsiku lachinayi inkaonetsa 34%. Kenako kunayera. Madzulo alionse nambala inkakwera kuposa ya dzulo lake, ndipo pa tsiku lachinayi la dzuwa, cha m'ma 1 koloko masana, inafika 100%, ma amp n'kugwa okha chifukwa analibe kolowa. Filiji sinazime ngakhale kamodzi.

Sabata yomweyo akazi anga anabwera ndi nkhani ya ayironi ya magetsi.

"Bambo, poti mnzanu uja anasiya kulira, tingaguleko?"

Ndinatulutsa pepala lija, lomwe pano limakhala m'pulasitiki pakhoma pafupi ndi batire. Ayironi ya 1000W kwa theka la ola ndi 500Wh, kapena kuchepera, popeza imazima yokha ikatentha. Inveta ikwanitsa. Koma 500 ameneyu achokera mu 900 wotsala uja, ndipo tikamadya tsiku ndi tsiku, dzenje la masiku atatu a mitambo lizitenga sabata yathunthu kukwiririka. Tinagwirizana kuti kusita kuzichitika masana, pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko, mita ikakhala pamwamba pa 90%, nthawi imene mapanelo amakhala ndi magetsi osowa kopita. Masiku a mitambo zovala zizidikira.

Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, n'kutenga cholembera, n'kulemba okha pansi pa filiji: ayironi, 500, masana okha. Kenako anafunsa kuti fani imadya zingati.